Munthu amene adakhala pansi ndi nkhalamba za Keyala

Aliyense wolowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre amaiona nsanja ya njerwa zofiira ija, yokhala ndi wotchi pamwamba, chapafupi ndi Cobbe Barracks. Ife okulira kuno tidaizolowera moti timangoitchula polozera mlendo njira. Idamangidwa m'zaka za m'ma 1920 pokumbukira asilikali a King's African Rifles, a Keyala monga ankanenera makolo athu, amene adafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo pamakoma ake pali mayina oposa 1,000. Lamulungu lachiwiri la Novembala chaka chilichonse pamakhala mwambo. Asilikali amaguba, lipenga limalira, akuluakulu amaika nkhata za maluwa, nkhalamba zovala mamendulo zimapatsidwa mipando yakutsogolo. Dzuwa likapendeka aliyense amabwerera kwawo.

Koma dzina lolembedwa pakhoma silinena kuti mwini wake adali wa mudzi uti, kaya adalowa usilikali mwakufuna kwake kapena adachita kumukankhiramo, kaya adafa ndi chipolopolo kapena ndi kamwazi. Zinthu zotere zidali m'mitu mwa anzawo amene adabwerako amoyo, ndipo zikadapita nawo kumanda pakadapanda munthu wina woganiza zokakhala nawo pansi n'kuwafunsa. Munthuyo ndi Melvin E. Page. Ndakhala ndikulingalira za ntchito yake kwa nthawi yaitali, mwina chifukwa imandisowetsa mtendere: imandionetsa ntchito imene ife eni dziko tikuizengereza.

Page ndi wa ku America. Adafika kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, akadali wachinyamata, kudzaphunzitsa mbiri ku Yunivesite ya Malawi. Idali nthawi imene Chancellor College inkasamuka ku Chichiri kubwera ku Chirunga, mu 1973, Zomba akadali likulu la dziko. Aphunzitsi a mbiri pakolejipo adali ndi chizolowezi chabwino. Patchuthi ankatuma ophunzira kumidzi ya kwawo kukafunsa akuluakulu za ufumu wa Amaravi, za kubwera kwa Angoni, za malonda a akapolo, nkhani zimene wofotokozayo naye adachita kumva kwa agogo ake. Page adaona kuti pali nkhani ina yaikulu imene eni ake enieni adali akupumabe. Mnyamata amene adali ndi zaka 20 mu 1916 adali atapitirira zaka 75. Ankayendera ndodo, maso atayamba kuchita mdima, koma zimene adaziona kunkhondo zidali zisanamuchoke. Kuchedwa zaka zina 10 kukadakhala kukafunsa mitumbira.

Wina angati, bwanji osangopita ku National Archives, pakuti ili pompano mu Zomba? Mapepala a kumeneko adawawerenga ndithu, koma ngoperewera. Mu 1919, nkhondo itangotha kumene, moto udapsereza maofesi akuluakulu a boma la atsamunda muno mu Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka za m'mbuyomo adasanduka phulusa. Ngakhale amene adapulumuka ndi makalata a mabwana kulemberana okhaokha. Buku lalikulu la mbiri ya Keyala lidalipo kale, la Lieutenant Colonel H. Moyse-Bartlett, lotuluka mu 1956, la masamba oposa 700. Ndi buku lakhama, ndipo wofuna kudziwa kuti gulu lakuti lidali pati tsiku lakuti sangalilambalale. Koma mmenemo amene amatchulidwa mayina kawirikawiri ndi maofesala achizungu. Asilikali akuda amabwera mochuluka: akuti adafa, akuti adavulala. Ngakhale baraki yathuyi ili ndi dzina la Alexander Cobbe, amene adalandira mendulo ya Victoria Cross chifukwa cha nkhondo ya ku Erego, ku Somaliland, mu 1902. Dzina lakelo timalitchula tsiku ndi tsiku pokwera minibasi. Anyamata a kuno amene adali naye tsiku limenelo sitiwatchula.

Choncho cha m'ma 1972 ndi 1973, Page pamodzi ndi ophunzira ake ndi Amalawi ena omuthandiza adayendayenda m'maboma kufunafuna amene adaiona nkhondoyo. Ena adawapeza pompano, m'nyumba zosungirako asilikali okalamba. Ena adawapeza pakhonde kumudzi. Adafunsa asilikali, adafunsa amtengatenga, adafunsanso amayi amene adatsala ndi ana amuna atatengedwa. Tisaiwale kuti idali nthawi ya Kamuzu, pamene wofufuza ankayenera kukhala ndi chilolezo, ndipo wofunsidwa ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanatsegule pakamwa. Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona. Komabe pachikuto cha buku pamangokhala dzina la munthu mmodzi, pamene ine ndimalemekezanso achinyamata a pakoleji aja amene ankadziwa kukhala pansi moyenera, kupereka moni wa akulu, kudikira mpaka gogo atayamba yekha, ndi kufunsa m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chichewa. Popanda iwo, Page sakadamva kanthu.

Zimene adasonkhanitsazo adakhala nazo moyo wake wonse. Mu 1977 adatengera digiri ya udokotala ku Michigan State University. Chaka chotsatira adatulutsa nkhani mu Journal of African History, mutu wake The War of Thangata. Adaphunzitsa zaka zambiri ku East Tennessee State University, kutali ndi Zomba, koma nkhalamba zake sadazitaye. Buku lake lalikulu, The Chiwaya War, lidatuluka mu 2000, ambiri mwa amene adawafunsa aja atatha kale. Lidasindikizidwa ku America, pamtengo umene mphunzitsi wa kusekondale kuno sakadaukwanitsa, ndipo padapita zaka zina 21 kuti a Mzuni Press ku Mzuzu alisindikize kuno kwathu. Chaka chomwecho cha 2021 adatulutsanso Chiwaya War Voices, mabuku awiri a mafunso ndi mayankho enieniwo, a anthu oposa 140, kuti aliyense adziwerengere yekha zimene nkhalambazo zidanena, osati zokhazo zimene wolemba adasankha. Kwa ine apa m'pamene adawachitira ulemu waukulu. Olemba ambiri amasunga zofunsa zawo m'kabati mpaka njenjete zitadya. Iye adazibweza poyera, ndi mayina a eni mawuwo.

Nkhondoyo idatifika msanga kuposa mmene ambiri timaganizira. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen idawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili padoko ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania. Pa 9 Sepitembala kudali nkhondo ku Karonga. Kuyambira 1916 gulu la General Edward Northey lidawoloka malire kukathamangitsana ndi mtsogoleri wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, amene adawazunguza m'dziko limene lero ndi Tanzania, n'kulowa m'Mozambique, n'kutulukira ku Northern Rhodesia, mpaka adatula zida ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 Novembala 1918, ku Ulaya nkhondo itatha kale. Masiku amenewa mungawapeze m'buku lililonse. Chimene mabuku ena ankachidutsa mothamanga ndi ichi: Nyasaland, dziko la anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni, idapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kumene ankamenyanako kudalibe misewu, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Katundu ankakwera ndi Zambezi ndi Shire, n'kulowa sitima ya pamtunda mpaka ku Limbe, n'kudutsa muno mu Zomba kupita ku Fort Johnston, komwe ndi ku Mangochi, n'kuyenda panyanja. Kuchokera pagombe, chilichonse, ufa, mpunga, zipolopolo, mankhwala, mahema a mabwana, chinkayenda pamutu pa munthu, makilogalamu pafupifupi 25 aliyense, mvula kaya dzuwa. Ndiye wosenzayo naye ankafunika kudya, ndipo chakudya chake chidali pamutu pa mnzake. Ulendo ukatalika pankafunika anthu osenzera chakudya osenza chakudya, moti chiwerengero chinkangokwera. Chakudya chikachepa, woyamba kumanidwa adali wamtengatenga yemweyo. Ambiri sadamuone n'komwe Mjeremani. Adafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, n'kukwiriridwa m'mbali mwa njira, ena kungosiyidwa pomwe adagwerapo.

Ndikamakwera msewu wa ku Chawe m'mawa ndimakumana ndi amayi ndi abambo akutsika phiri atasenza mitolo ya nkhuni za paini, ina yaitali kuposa iwo eni, khosi lili gwa, phazi likufufuza popondapo. Moni amayankha ndi pakamwa pokha, maso ali kutsogolo, chifukwa ukatembenuza mutu mtolo umakugwetsa. Iwowa madzulo akagona kwawo, ndipo ndalama ya nkhunizo ndi yawo. Ndikawaona ndimayesa kuganiza za munthu wosenza chotere miyezi yathunthu, katundu wa eni, kulowera dziko limene sadziwa chilankhulo chake, kumbuyo kuli kapitawo ndi chikoti. Nsanja ya kumusi ija ndi ya asilikali. Osenza katundu sadawamangire yawo kuno. Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission lidavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo Aafirika, sadakumbukiridwe ndi mayina awo monga adachitira ndi azungu. Zidatenga zaka zoposa 100 kuti avomere zimene agogo athu ankazidziwa kale.

Chimene chimandigwira mtima m'maumboni amene Page adasonkhanitsa n'chakuti nkhalambazo sizidalankhule mawu amodzi. Ena adalowa Keyala chifukwa bandi ya asilikali idadutsa m'mudzi ikuliza malipenga ndi ng'oma, ndipo mnyamata adakopeka ndi yunifolomu. Ena adatsata ndalama: msilikali ankalandira paundi 1, sheleni 1 ndi mapeni 4 pamwezi, pamene wolima m'minda ya azungu ankagwira masheleni ochepa chabe, msonkho wa nyumba uli pakhosi. Ena ankafuna kuonetsa chamuna monga adachitira atate awo pankhondo zakale. Koma ku ntchito ya mtengatenga kudalibe bandi. Boma linkauza mfumu kuti ipereke anthu akutiakuti, mfumu ikalephera inkaona zakuda. Amesenjala ndi apolisi ankazinga mudzi usiku. Mwamuna akathawira kuphiri, ankagwira mkazi wake mpaka mwini wake atadzipereka. N'chifukwa chake anthu adaiona nkhondoyo kuti ndi thangata basi, thangata wamkulu kuposa wa m'minda ya fodya ndi thonje. Page adalembanso za mmene kumadera a Achewa gule wamkulu adasandukira pobisalira amuna othawa kugwidwa, pakuti mesenjala wosameta sakadayerekeza kulowa kudambwe.

Atabwerako sadapeze mpumulo. Kumapeto kwa 1918 kudagwa mliri wa fuluwenza, umene udayenda m'njira zomwezo zimene ankadzera asilikali ndi amtengatenga pobwerera kwawo, ndipo udapha anthu m'midzi imene sidamve kulira kwa mfuti. Minda idali itagonera chifukwa olima adali kunkhondo. Ambiri adabwerako akuyembekeza kuti boma liwakumbukira, koma chimene chidawapeza ndi msonkho womwe uja. Chodabwitsa n'chakuti kuchokera m'masautso omwewo mudatuluka magule amene lero timawanyadira. Beni wa kuno ku Zomba, Machinga ndi Mangochi, malipenga a ku Nkhata Bay, mganda wa m'chigawo chapakati, onsewa ali ndi kaguba ka asilikali, maudindo a asilikali, zovala zotengera za asilikali. Anthu adatenga perete amene ankawazunza nayo n'kumusandutsa gule wa pabwalo la mfumu. Mwana wovina beni lero akusunga mbiri ndi miyendo yake, ngakhale palibe adamuuza.

Tsopano za zithunzi. Nkhondo zimenezi zidajambulidwa kwambiri, ndipo zithunzi zake zili ku Imperial War Museum ku London, zina ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, zina m'mabuku a maofesala opuma. Muziyang'ane bwino mukazipeza. Mudzaona mizere ya asilikali atavala makabudula a kaki ndi zisoti zazitali, ambiri opanda nsapato, atangoti njo. Mudzaona mzere wa amtengatenga ukuwoloka mtsinje, madzi ali m'chiuno, mabokosi ali pamutu. Pansi pa chithunzi pamalembedwa dzina la kaputeni amene wakhala pampando pakati, ndipo ena onsewo amangotchedwa asilikali achikuda kapena onyamula katundu. Wojambulayo adali pafupi nawo moti akadatha kufunsa, koma kwa iye funsolo lidalibe ntchito. Tsono tili ndi nsanja ya mayina opanda nkhope, tili ndi zithunzi za nkhope zopanda mayina. Komabe sindizinyoza zithunzizo. Zimaonetsa zimene lipoti la boma silikadalemba: kuwonda kwa miyendo, nsanza, ubwana wa ena mwa osenzawo.

Kwathu kuli chithunzi chimodzi cha agogo aamuna, obereka mayi anga, amene adapita ku Burma pa nkhondo yachiwiri. Aima ndi anzawo awiri, onse atavala zipewa zopinda mbali imodzi. Pepala lake lidachita chikasu ndipo ngodya imodzi idadyeka. Kuseri kudalembedwa ndi pensulo dzina lawo ndi nambala yawo ya usilikali. Anzawo awiriwo sadalembedwe, koma mayi anga amawatchula mayina ndi kwawo komwe, wina wa ku Mulanje, wina wa ku Ntcheu, chifukwa agogo akatulutsa chithunzicho ankayamba ndi kuloza anzawowo asanadziloze okha. Wa ku Ntcheuyo sadabwereko. Chithunzi chomwecho chitapezeka m'bokosi la ku London chingakhale cha asilikali atatu achikuda basi. Chili ndi anthu atatu chifukwa pali pakamwa pamene pakuwatchulabe, ndipo ntchito ya Page idali yothamangira pakamwa potero pasanatsekeke.

Sikuti Amalawi sadagwireko kamera nthawi imeneyo. Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre amene adaphunzirako ku Scotland, adali wojambula zithunzi wodziwika, ndipo John McCracken adalemba za moyo wake mu Society of Malawi Journal. Chisuse ndiye adajambula John Chilembwe ndi banja lake. Kusiyana kwake kumaoneka msanga. Anthu a m'zithunzi za Chisuse adabwera okha kudzajambulitsa, adasankha chovala, adasankha kaimidwe, ndipo akuyang'ana kamera monga anthu odziwa kuti ndi ndani. Nkhope ya Chilembwe imene timaigwira pandalama tsiku lililonse timaidziwa chifukwa cha zithunzi za mtundu umenewu, zojambulidwa ndi munthu amene ankamudziwa dzina.

Dzina la Chilembwe likutifikitsa povuta, pamene wolemba za nkhondo woona mtima sangapazembe. Mu Novembala 1914 Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akukafa pa nkhondo imene si yawo, ndipo amene atsale ndi amasiye ndi ana awo. Boma lidaitsekereza kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 adaukira, ndipo pa 3 Febuluwale adaphedwa. Amene adatumidwa kukathana ndi anthu ake adali azungu odzipereka pamodzi ndi asilikali a Keyala omwewo amene iye ankawalirira. Pali chithunzi cha otsatira Chilembwe akuwatengera kokaphedwa. Ndikachiyang'ana ndimaona kuti omangidwawo ndi athu, owalonderawo ndi athunso. Zidabwerezanso mu Malichi 1959, pamene asilikali a Keyala adawombera anthu ku Nkhata Bay, ndipo lipoti la Devlin lidawerenga anthu 51 ophedwa m'dziko lonse nthawi ya chipwirikiticho. Pali ena amene amafuna kuti asilikali a atsamunda tiziwatcha ngwazi basi, pali enanso amene amati adali agalu a azungu basi. Onsewa akufuna nkhani yosavuta. Ine ndimakhulupirira wolemba amene amamulola gogo kunena zonse ziwiri, kuti ankanyadira mendulo yake komanso kuti adamukwapula pamaso pa anzake, osamudula mawu kuti nkhani ikome.

Page sadali yekha. George Shepperson, amene pamodzi ndi Thomas Price adalemba Independent African mu 1958, buku limene lidadziwitsa dziko lonse za Chilembwe, adali ofesala wa asilikali a Nyasaland ku Burma. Chinyanja adachiphunzira kwa iwo, nyimbo zawo adazisunga, ndipo chikondi chake pa dziko lino chidayambira kumeneko mpaka adamwalira mu 2020. Timothy Lovering adalemba za asilikali a Malawi kuyambira 1891 mpaka 1964 ku yunivesite ya Stirling. Pamwamba pa phiri lathuli pali malo otchedwa Emperor's View, pomwe Haile Selassie adaima mu 1965 kuyang'ana chigwa cha Chilwa ndi Mulanje chapatali. Alendo amajambulitsapo tsiku lililonse, anyamata ogulitsa mabulosi ndi miyala yonyezimira ali pambali. Ndi angati amene amauzidwa kuti mfumuyo idabwerera pampando wake mu 1941 mothandizidwa ndi asilikali a maiko ambiri, ena mwa iwo ochokera m'baraki imene ili kunsi kwa phiri lomwelo? Baraki ya Moyale ku Mzuzu idatenga dzina la malo a kumalire a Kenya ndi Ethiopia kumene anyamata a kuno adalimbana ndi Ataliyana mu 1940. Mbiri imeneyi taizungulira ponseponse, koma amene adailemba ambiri ndi alendo.

Sindikunena izi modandaula nawo alendowo. Adagwira ntchito yabwino, ndipo tiyenera kuwathokoza. Chimene chimandipweteka n'chakuti nkhalamba zija zidalankhula m'Chiyao ndi m'Chichewa, koma mawu awo timawapeza m'Chingerezi. Mdzukulu wa wamtengatenga ku Jali kapena ku Mayaka, amene sukulu adalekezera sitandade 6, sangawerenge zimene agogo ake adanena. Miyambi yawo, kutukwana kwawo, kaseka kawo kowawa, zambiri zidatsalira panjira pomasulira. Alipo Amalawi amene adayesapo, monga James Njoloma, ofesala wa asilikali amene adalemba The Malawi Army: A Hundred Years Today mu 1991. Koma mukalowa m'sitolo ya mabuku mu Zomba muno kufunsa buku la msilikali wa Malawi wofotokoza yekha zimene adaona, m'chilankhulo chake, mudzatuluka chimanjamanja.

Chonsecho nkhondo sizidathere ku Burma. Asilikali a kuno adapita ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Kuyambira 1987 adakalondera njanji ya ku Nacala, kudzera pa Nayuchi pafupi pompa, nthawi ya nkhondo ya Renamo, ndipo za kumeneko wailesi sinkanena. Mabanja ankangolandira uthenga mwakachetechete. Mu Disembala 1993 kudali Operation Bwezani, pamene asilikali adalanda zida a Malawi Young Pioneers, chinthu chimene chidatsegula njira ya chisankho cha 1994. Mu Novembala 2018 asilikali 6 a Malawi adaphedwa kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo ali pa ntchito yosungitsa mtendere. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene adavulala, ndipo mu Meyi 2019 bungwe la United Nations lidamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri kwa osungitsa mtendere. Dzina lake timalidziwa, ndipo n'koyenera. Koma anzake amene adali naye m'nkhalango tsiku limenelo adabwerako, ndipo ali ndi zonena.

Lero zithunzi sizisowa. Msilikali aliyense wopita ku Congo amabwera ndi foni yodzaza, ndipo zina amaziika pa Facebook ndi pa WhatsApp. Koma foni imagwera m'madzi, imabedwa, imagulitsidwa pa msika mwana akadwala. Chithunzi cha agogo anga chapirira zaka 80 m'sutikesi chifukwa ndi pepala ndipo wina adalembapo ndi pensulo. Ndimaopa kuti zithunzi za masiku ano, ngakhale zili zankhaninkhani, zidzafika kwa adzukulu zochepa kuposa za nthawi ya Chisuse, ndipo zimene zidzafikezo zidzakhala zopanda mayina, tsopano osati chifukwa cha mtsamunda.

Ndikudziwa kuti pali zopinga. Msilikali amalumbira kusunga chinsinsi, ndipo zina sangazinene ngakhale atapuma ntchito. Ena safuna n'komwe kukumbutsidwa, ndipo ameneyo tiyenera kumusiya. Koma zambiri zimene Page adafunsa sizidali zinsinsi za boma. Adafunsa kuti munalowa bwanji, munkadya chiyani, munkaimba nyimbo zanji poguba, mnzanu akafa munkamuika bwanji, mutabwera kumudzi anakulandirani motani. Mafunso amenewa alibe mlandu, ndipo ndi amene amatulutsa munthu m'kati mwa yunifolomu.

Msilikali amene adali ndi zaka 25 polondera njanji ya ku Nacala mu 1987 lero wapitirira zaka 60. Ambiri otere ali momwe muno, ku Chinamwali, ku Matawale, ku Sadzi, kwa Chikanda. Ena akulima, ena akulondera masitolo usiku, ena ndi akulu a mpingo. Akazi awo amene ankadikira m'malaini a kubaraki, osadziwa ngati galimoto yobwerayo yanyamula amoyo kapena maliro, aliponso. Kuchokera ku Chirunga, kumene kuli ophunzira a mbiri ochuluka kuposa a nthawi ya Page, kukafika kumeneko ndi ulendo wa kabaza. Buku limene ndikufuna kudzawerenga ndi la anthu amenewa, lolembedwa m'mawu omwe adalankhulira, chithunzi cha aliyense chili pambali pa nkhani yake, pansi pake pali dzina, mudzi ndi mfumu yake, ndipo mtengo wake woti mwini nkhaniyo angathe kugula.